Chaka Chimene Tinadula Chiwaya

Chaka chimenecho kwathu kuno amachitchula mosiyanasiyana. Ena amati chaka cha mbozi, ena amati chaka chimene chigayo chinagona. Ine Abiti Jafali ndimati chaka cha eda yanga, chifukwa njala yonseyo ndinaionera m'mipata ya mpanda wa bango, ndili m'kati ngati nkhuku yofungatira. Zina ndikamazikumbukira sindidziwa ngati ndinaziona ndi maso kapena ndinangolota, pakuti munthu wanjala amagona pang'onopang'ono tsiku lonse. Koma za pikapu ya amuna anga ndiye sindisokoneza ayi. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi: galimoto imeneyo isachoke pakhomo panga.

Novembala

Amuna anga, Che Amadu, anamwalira ku chipatala cha ku boma mvula yoyamba isanagwe. Tinawanyamula pa pikapu yawo yomwe, mng'ono wawo Che Yusufu ali pa chiwongolero, ine ndi amayi ena tili kumbuyo pamodzi ndi thupi. Mudzi wathu uli pakati pa Makokola ndi Nkhudzi, ndipo ukasiya tala pali msewu wafumbi wa mabampu okhaokha. Titangolowa mmenemo ndinamva pansi panga kuti gu! Galimoto inapendekera kumanja n'kuyamba kugogoda, gudu, gudu, gudu, mpaka pakhomo. Mayi wina anati, “Ikulira mwini wake.” Koma ine ndinadziwa kuti chitsulo chathyoka.

Galimotoyo ndinkaidziwa ngati mphika wanga. Munda wathu ndi mchenga, sunatidyetsepo chaka chathunthu. Munda weniweni unali wa matayala anayi. Tinkagula usipa pagombe, kuyanika pa thandala, kukwera nawo phiri la Chowe mpaka ku Namwera ndi ku Chiponde, n'kutsika ndi chimanga, nyemba ndi makaka a chinangwa. Che Amadu ankayendetsa, ine ndinkanenerera mitengo, poti iwo anali ndi manyazi ngati mkwatibwi.

Maliro ataikidwa, Che Yusufu analowa kunsi kwa galimoto n'kutuluka akupukusa mutu. Khutu lachitsulo logwira shoko yakumbuyo linali litathothoka pamodzi ndi chidutswa cha chesisi, shokoyo ikungolendewera ngati mwendo wa mbuzi wothyoka. Anaikankhira pansi pa mtengo wa mango, kunja kwa mpanda, n'kuika miyala ku matayala.

Ine ndinalowa eda. Kwa ife Asilamu, mkazi woferedwa amakhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzola, osapita ku msika, osacheza maso ndi maso ndi amuna omwe si a magazi ake. Akuluakulu a m'mudzi mwathu amaumitsa kwambiri: ngakhale ku munda saloleza. Mng'ono wanga Asiyatu anasiya banja lake n'kubwera kudzakhala miyendo yanga ndi pakamwa panga. M'nyumba tinali ndi amayi athu okalamba ndi ana anga awiri a banja loyamba. Ine ndi Che Amadu Mulungu sanatipatse mwana.

Kumapeto kwa mwezi mvula inagwa. Ndinangomva fungo la dothi ndi makasu akugogodana anthu akupita kukadzala.

Disembala

Chimanga chinamera bwino, anatero Asiyatu, kenako dzuwa linakhala pansi osafuna kuchoka. Nyanja inali yotseka, asodzi akungosoka maukonde osang'ambika. M'nkhokwe munali mbewa zokha, nazonso zoonda, chifukwa chaka chapitacho sitinakolole kwenikweni. Pa msika mtengo wa ndowa unkakwera pakati pa mapemphero a swala ya m'mawa ndi ya masana. Tinayamba kuphika mango aawisi.

Arubaini inayandikira, sadaka ija timachita pakatha masiku makumi anayi, pomwe mudzi wonse umadya mpunga ndi nyama popempherera malemu. Tsiku lina ndinamva lole ikuima panja. Ndinasuzumira pa bango: Che Yusufu ndi amuna awiri ogula zitsulo zakutha, sikelo yawo ili m'manja. Alamu anga anaima kuseri kwa mpanda, pafupi moti ndinkamva kupuma kwawo, koma mwambo ndi mwambo, anayankhula kwa Asiyatu.

“Chemwali, muwauze alamu kuti arubaini ya achimwene singachitike ndi mango. Anthu adzati chiyani? Galimotoyi yafa. Awa akugula pa sikelo.”

“Asiyatu,” ndinatero ine, “uwauze alamu kuti kwathu kuno chuma cha malemu sichigawidwa mkazi ali pa eda. Mwambo akuudziwa kuposa ine.”

Asiyatu anabwereza, ngakhale aliyense anali atamva kale. Mmodzi wa ogulawo, yemwe ndinkangomuona nsapato, anamenya teche tayala n'kuseka, ati dzimbiri limeneli ngakhale pa sikelo silikwana kanthu. Iii, magazi anandithamanga.

“Uwauzenso a nsapato zoyerawo kuti akamenye mateche zakwawo. Apa si pa bwalo la mpira.”

Asiyatu anatembenuka mwaulemu n'kuti, “Akuti zikomo kwambiri pobwera, muyende bwino.”

Tinagulitsa mbuzi yomaliza. Mpunga unachepa, anthu anadya mongonyambita, ndipo pochoka ena ankanena mokweza kuti ndimve: Abiti Jafali akonda dzimbiri kuposa amuna awo. Zinandipweteka, sindinama. Ndinalira mpaka mutu kuwawa. Koma galimoto inatsala pansi pa mango.

Januwale

Ng'amba inapitirira. Chimanga chinapota masamba n'kukhala ngati anyezi, ndipo chomwe chinapirira, mbozi zinalowa pa mtima. Chigayo cha kuseri kwa nyumba yathu, chomwe zaka zonse ndinkachitukwana chifukwa cha phokoso, chinangoti zii. Ndinayamba kuchisowa.

Mphekesera ndiye zinali zambiri kuposa chakudya, ndipo zonse zinkandipeza m'kati mwa mpanda. Ati malole a chimanga chothandizira anthu anyamuka kale, angotsala kufika. Ati ayi, chikubwera pa sitima ya panyanja. Ati madeya a pa msika akusakaniza ndi utuchi. Ati kuseri kwa Chiponde, ku Mozambiki, mvula yagwa bwino ndipo chimanga chakale akuolotsa pa njinga usiku ndi usana. Imeneyi yokha ndinaikhulupirira, chifukwa nthaka ya kumeneko ndimaidziwa.

Anzathu aliyense anagwira pake. Ena anasasula malata n'kufolera udzu. Wina anagulitsa khoka la bambo ake. Azimayi ankalawirira ku dambo kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi ija, m'matope, ena kukapempha ganyu yochapa ku mahotela a ku Makokola n'kubwerako manja lende. Amuna angapo anangoti tikupita ku Joni, mpaka lero. Ife tinkadya kamodzi, phala la madeya, masana.

Ndikadya phalalo ndinkagona pa mphasa pakhonde, ndipo loto linali limodzimodzi. Pikapu ikuyandama pa nyanja ngati boti, matayala osaoneka. Kumbuyo kwadzaza chimanga choyera mbee, china chikutayikira m'madzi, usipa ukudumpha kuchitola. Che Amadu avula malaya, akukapa madzi ndi chitini, akuseka. “Abiti, kwerani, tichedwa.” Ndikati ndiponde, madzi akutalikira. Ndinkadzidzimuka n'kusuzumira pa bango, n'kupeza ili pomwepo, masamba a mango atadzaza kumbuyo, mphaka atagona pa boneti.

Asodzi awiri oyandikana nafe anandimvera chisoni. Anamanga shokoyo ndi chingwe cha khoka ndi linya, mfundo zokongola zedi, zoti mphepo ya mwera singamasule. Anayenda nayo mpaka pa tala, n'kubwerera ikugogoda kuposa kale.

Chakumapeto kwa mwezi kunabwera a Banaba kudzapepesa maliro. Iwowa ndi a Anglikani a kutsidya, ku Malindi, ndipo anakulira limodzi pa bwato ndi Che Amadu asanaphunzire zokonza mainjini a maboti ndi kuwotcherera. Uthenga unawapeza mochedwa. Anakhala pa mwala kunja kwa mpanda, chipewa chili pa bondo, napereka pepani wawo kudzera kwa Asiyatu. Atatha anapempha kahamala n'kugona chagada kunsi kwa galimoto.

Ndinatchera khutu. Pena chitsulo chinkayankha kuti ngwe, ngwe, mowala. Pena chinkangoti phu, phu, ngati ukumenya dzungu lowola. Ma phu anachuluka. Kenako ndinamva a Banaba akuseka, kuseka kwautali, mpaka kunasanduka chifuwa.

“Chemwali, tawafunsani alamu. Phula ili anamata ndani?”

Ndinagwira pakamwa. Che Amadu anali msodzi asanakhale dalaivala, ndipo kwa msodzi chilichonse chobooka mankhwala ake ndi phula. Madzi a nsomba akadya chitsulo n'kuoneka kabowo, iwo ankasungunula phula m'chitini, kunyika chigamba cha thumba, kumata, kusalaza ndi chala ngati pa bwato, pamwamba n'kupaka penti wakuda. Ine ndinkawagwirira chitinicho, ndikunyadira kuti ndinakwatiwa ndi mwamuna wa manja. Ndipo Lachisanu lililonse m'mawa, asanapite ku mzikiti, ankailowetsa m'nyanja mpaka matayala kumira kuti isambe, ati isanunkhe usipa pa tsiku lopatulika.

“Uwauze kuti ndi anzawo omwewo,” ndinatero.

“Amadu, Amadu,” anatero a Banaba, akuyankhula ndi chesisi. “Bwato amamata, galimoto samata, mbale wanga. Madzi ankangokhala kunsi kwa phulali n'kumadya mwakachetechete.” Anatuluka akudzikunkhumula. “Chemwali, muwauze kuti wina akanangoyatsa moto wowotcherera pamenepa, akanapsereza galimoto, mango ndi mpanda womwe. Kuwolaku kukukwawira pogwira sipuling'i. Mukailemetsa n'kukwera nayo Chowe, mudzaitola kuphompho. Pafunika kupala phula lonse, kudula mpaka tipeze chitsulo chamoyo, n'kuika zigamba zochindikala mbali zonse ziwiri. Mashini ndili nawo. Chitsulo ndilibe. Mukachipeza, nditumizireni mawu pa boti.”

Febuluwale

Asiyatu anayenda, mwana wa amayi anga, mpaka zidendene kung'ambika. Ku Nkhudzi, ku Makokola, m'magalaja a m'mbali mwa msewu. Chitsulo chochindikala kunalibe. Njala inali itasesa zonse kupita pa sikelo ya anthu aja: makasu akutha, mabedi, mawilo a ngolo, ngakhale anangula a maboti. Chomwe chinalipo m'sitolo ku boma, mtengo wake unali wongoseka n'kutuluka.

Mvula inabwerera nthawi itatha, yamphamvu, yongokokolola. Amayi anayamba kutupa mapazi ndipo ankayankhula ndi anthu omwe anamwalira kalekale. Che Yusufu anabweranso, opanda ogula aja.

“Chemwali, muwauze alamu kuti ana a alongo anga akugona ndi madzi. Ine ndiye mwini mbumba tsopano, onse akuyang'ana ine. Nditani?”

Mawu awo amafanana ndi a achimwene awo, ndipo kuseri kwa bango, osaona nkhope, zinali ngati Che Amadu akundidandaulira. Ndinalephera kuwakwiyira. Ndinangoti, “Uwauze andipatse masiku ochepa.”

Masana ena ndili m'tulo tanga tija, theka kuno theka uko, mvula ikudontha kuchokera pa denga la khitchini, ndinamva kuti ngwe. Patapita kanthawi, ngwe. Ndinaganiza kuti a Banaba abwera m'maloto ndi kahamala kawo. Nditatsegula maso ndinaona madontho akugwera pa chiwaya changa, chomwe chinatsamira khoma kuyambira pamene ndinakwatiwa ndi Che Amadu.

Chiwaya chimenecho sichinali cha masewera. Anachisula kuchokera ku thanki yakale ya madzi, chochindikala ngati chala, chofuna anthu awiri kuti chinyamuke. Mwamuna woyamba atandisiya ndi ana aang'ono, ndinkakazingirapo chambo ndi mbatata pa msewu, ndipo ana anga anakula ndi chimenecho. Mumtima ndinkadziwa kuti zonse zikadzakanika, ndidzabwerera kwa icho.

Nditanena maganizo anga oti tichidule, amayi, omwe tinkayesa sakumva kanthu, anadzutsa mutu pa mphasa.

“Ukadula chimenecho, tsiku lodzakulanda galimoto udzagwira chiyani?”

“Sandilanda, amayi. Akaona kuti ndaidzutsa ndine, adzachita manyazi.”

“Kaya,” anatero, n'kugonanso.

A Banaba anaoloka ndi mashini awo pa boti ya usipa. Mwini chigayo, poti magetsi ake ankangokhala, analola kuti tikoke waya kudutsa pamwamba pa mpanda wanga. A Banaba anakweza galimoto pa jeke, kuika zitsa, kuchotsa tayala, kumasula batire, thanki ya dizilo n'kuifunditsa masaka onyowa. Tsiku loyamba lonse linathera kupala phula ndi tchizulo. Linkagwa m'mapalemapale, lililonse ndi chigamba chake, ndipo zina ndinkazizindikira: ichi thumba la feteleza, ichi malaya abuluu omwe ndinawafunafuna chaka chathunthu. Atafika pa dzimbiri anadula, kugogoda, kudulanso, mpaka kahamala kanayankha bwino mbali zonse. Bowo lake mwana akanalowetsa mutu.

M'mawa mwake anayeza bowolo ndi katoni, kudula katoniyo ndi mpeni, n'kuigoneka pa chiwaya changa n'kulemba ndi choko. Asiyatu ndi asodzi aja ndiwo anachitulutsa pa chipata. Ine ndinaima m'kati, dzanja lili pa bango.

Galayinda italira n'kuluma chitsulo, kunachitika chinthu chomwe palibe anachiyembekezera. Mafuta a zaka zonse zija, omwe analowerera m'chiwayamo, anatenthedwa n'kudzuka. Fungo la chambo chokazinga linadzaza bwalo, linalowa m'nyumba, linatsika ndi mphepo mpaka kugombe. Mwezi wa Febuluwale, abale inu, m'mudzi momwe munalibe ngakhale dontho la mafuta ophikira! Anthu anatuluka m'nyumba akununkhiza m'mwamba. Ena anabwera ndi mbale. Anaima mozungulira mango akuyang'ana moto ukuthetheka, akumeza mate. Amayi anaitana m'nyumba ndi mawu a mtsikana, “Akukazinga ndani? Mundisungire mutu.” Ine ndinatseka maso ndipo ndinali pa msewu, mwana kumbuyo, mabasi akuima, anthu akuitanira pa zenera. Nditatsegula, chiwaya chinali zidutswa.

Kuwotcherera kunatenga nthawi chifukwa magetsi ankangozimazima. Akazima, a Banaba ankakhala pa tayala n'kumaimba chapansipansi nyimbo za ku tchalitchi kwawo. Akayaka, kuwala kobiriwira kunkalowa m'mipata ya bango n'kumavina pa khoma la nyumba yanga masana dzuwa likuswa mtengo. Sankawotcherera mzere umodzi wautali ayi. Pang'ono uku, kusiya pazizire, pang'ono uko, ngati mmene timasokera chigamba kuti nsalu isakwinyike. Chigamba kunja, chigamba m'kati. Khutu latsopano analipinda kuchokera ku ngodya ya chiwaya, kuboola, kulowetsa bawuti, koma anaimanga zolimba galimoto itatsika kale pa matayala ake.

“Asiyatu, uwafunse ngati ndisungunule phula,” ndinatero.

“Muwauze kuti ndikadzamva fungo la phula pano, ndidzaoloka ndi chikoti,” anatero a Banaba. “Muzipaka oilo wakutha basi. Ndipo kusamba m'nyanja kwatha, si ng'ombe iyi.”

Anthu aja, ndi njala yawo yomweyo, anakwera kumbuyo n'kuyamba kudumpha. Galimoto inatsika, inakwera, inaima. Panalibe kugogoda. Ndinaseka koyamba chimwalirireni amuna anga.

Malichi

Vuto linatsala limodzi: ine eda inali isanathe, ndipo woyendetsa pa abale anali Che Yusufu okha. Nyanja inali itatsegulidwa, usipa ukupezeka pang'ono. Asodzi anzathu anapereka wawo kuti tidzagawane chimanga. Asiyatu anakwera kutsogolo, pa mpando wanga, nditamulangiza mpaka kutopa: usavomere mtengo woyamba, ulowetse dzanja mpaka pansi pa thumba, uluma njere.

Ananyamuka kutangocha. Ndinamvetsera injini mpaka kulira kwake kunasungunuka, kenako ndinapita nawo ndili pa mphasa. Tsopano ali pa tala. Tsopano akuoloka mlatho wa Shire, apolisi akuyang'ana m'madengu. Tsopano ayamba Chowe, giya yoyamba, anyani akhala m'mbali mwa msewu ngati akudikira basi. Pa khona lalikulu lija ndinagwira mphasa ndi manja onse. Kenako mphepo yozizira ya ku Namwera inandikhudza kumaso, zoona, ndinaimva, ndipo ndinaona njinga zikutsika kuchokera ku malire, iliyonse ndi matumba ake, oyendetsa akuikankha atavula malaya.

Anabwera mawa lake masana, galimoto itakhala pansi ndi kulemera. Asiyatu analowa pa chipata akuthamanga n'kundithira chimanga m'manja. Chinali chofumbwa pang'ono, koma ndinachipsompsona. Chigayo chinakhosomola, kukhosomolanso, n'kudzuka. Tinagawa: ife, alongo a Che Yusufu, asodzi, ndi ndowa za a Banaba zomwe tinatumiza pa boti. Patangopita masiku, amayi anayamba kukhala tsonga n'kumadandaula kuti ndiwo zachepa mchere. Alhamdulillah, pakhomo panga sipanatuluke maliro ena, ndipo kwa alamu anganso ayi.

Maulendo anapitirira. Kenako Che Yusufu anati galimoto izigona kwawo kuti azilawira bwino. Kenako anati Asiyatu asamavutike, iwo aphunzira kunenerera. Ndikasuzumira pa bango ndinkangoona dontho la oilo pa mchenga.

“Asiyatu, ukawauze alamu kuti galimoto kwawo ndi kuno.”

Anabwera ndi yankho lakuti, “Mawa.”

Pakati pa mwezi eda inatha. Ndinasamba, ndinavala chitenje chatsopano, amayi a m'mudzi anandiperekeza kutuluka pa chipata. Miyendo inkachita ngati ya wina. Dziko linali lalikulu mopitirira, lowala mopweteka maso, ndipo nyumba zambiri zomwe ndinazisiya ndi malata zinali za udzu. Ndinapita ku munda. Zisononkho za chimanga zinali ngati zala, koma maungu anayanga bwino.

Epulo

Tinakolola zongokwana madengu ochepa. Titangotha, akuchimuna anatumiza mawu kuti abwera kudzagawa katundu wa malemu. Tinakhala pansi pa mango. Anatsogolera ndi amalume awo a Che Amadu, munthu wamkulu wa ndevu zoyera, wodekha, wosakweza mawu. Pikapu anaiimika pambali, yotsukidwa ndi ndowa, ikuwala.

Amalumewo anati nyumba ili pa malo a amayi anga, ndiye ndi yanga. Malata omwe anagula malemu, bedi ndi wailesi, limenelo ndi gawo langa ngati mkazi. Galimoto, poti sitinabereke, ibwerera ku mbumba ya kwawo, Che Yusufu aziyang'anira.

Ndinagwada. Kanali koyamba chiloweni eda kuyankhula ndi anthu amenewa popanda bango pakati, ndipo mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkafunira.

“Amalume, galimoto imeneyi inafa. Alamu anabweretsa anthu a sikelo, onse akudziwa. Ndinaikaniza ndine, ndinatukwanidwa ndine. Ikuyenda lero chifukwa pansi pakepo pali chiwaya changa, chomwe ndinalerera ana anga ndisanawadziwe a kwanu. Aliyense agone pansi aone.”

Palibe anagona pansi. Che Yusufu anayang'ana zala zawo n'kuti, “Zoona, amalume. Popanda chiwaya cha alamu, bwenzi titaika ana.”

Ndinayesa galimoto yabwerera kwa ine. Amalume anagwedeza mutu nthawi yaitali, akusisita ndevu.

“Mawu a zoona amenewa,” anatero. “Ife sitidya chinthu cha mwini, ndi haramu. Yusufu, uwagulire alamu ako chiwaya.”

Anthu onse anavomera kuti mlandu wagamulidwa bwino. Ena anandiyang'ana mondisangalalira. Ine ndinakwiya kwambiri, koma wokwiyira analibe nkhope: amalume sananame, alamu sanabe, ana a alongo awo ndi ana ndithu. Ndinangowomba m'manja mwaulemu monga amachitira mkazi woleredwa bwino.

Meyi

Mwera unayamba kuwomba, usipa unachuluka, mitengo pa msika inatsika ngati sinakwerepo. Anthu anayamba kuseka za njala ija, kutchulana mayina a zomwe ankadya.

M'mawa wina pikapu inaima pakhomo. Che Yusufu anatsitsa chiwaya chatsopano, chosulidwa ku mgolo wa mafuta, chopyapyala, penti wa mgolowo akuonekabe kunsi. Ndikanatha kuchinyamula ndi dzanja limodzi. Ndinalandira ndi awiri.

“Ndasankha chachikulu, alamu,” anatero, osandiyang'ana. “Ndamva kuti mukufuna kuyambanso pa msewu. Kwerani, ndikusiyeni. Ndikupita komweko.”

Chitseko cha mbali yanga chinali chotsegula kale. Mpando unali womwewo, ndi pobooka pake pomwe ndinasoka ndekha. Ndinauyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti ndikakhalapo ndidzafika pa tala n'kuuzidwa kuti tafika, tsikani.

“Pitani, alamu. Ndili ndi miyendo, yapuma mokwanira.”

Ndinapinda nkhata, kusenza chiwaya, nkhuni m'khwapa, n'kuuyamba. Anadikira pang'ono, kenako anandidutsa pang'onopang'ono kuti asandithire fumbi.

Pa msewu pomwepo ndi pomwe ndili mpaka lero. Chiwayachi chimapsereza nsomba ukangotembenuka, koma ndachizolowera. Pikapu imadutsa kawiri kapena katatu pa mlungu, ndipo Che Yusufu saiwala kuliza hutala. Okwera amandiuza kuti imayenda bwino zedi, ngakhale pa Chowe italemedwa sigwedera, ati ngati wakhala pa mpando wa m'nyumba. Ine ndimangovomera. Chiikonzereni sindinakwerepo.